Wopenta Amene Analetsedwa Kuyang'ana Kumwamba

Tsiku limene Bulashi anagwa pa makwerero kachitatu, abwana ake sanafunse n'komwe ngati wavulala.

"Longedza uzipita. Ine sindigwira ntchito ndi zidakwa."

Chidakwa! Munthu woti mowa sanaulawepo chibadwire. Bulashi anali wopenta masiling'i kwa zaka khumi ndi zisanu, ndipo ana ake atatu ankadya za penti yomweyo. Koma masiku amenewo akangoti ayang'ane kumwamba, chizungulire, m'maso mdima, khu pansi.

Mkazi wake anachita kumukokera kuchipatala. Anamugoneka m'makina ojambula m'mutu ndi m'khosi. Dokotala anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali, mpaka kuitana mnzake kuti naye adzaone.

"Bambo, kumbuyo kwa khosi kumadutsa mitsempha iwiri yopititsa magazi ku ubongo. Inuyo munabadwa ndi umodzi, zimene sizichitikachitika. Pano mafupa akutha, ndiye mukapinda khosi chagada, mtsemphawo umafinyika. Za siling'i muiwale."

Bulashi analira ngati mwana, osabisa. Masabata awiri anangokhala pakhonde, ndevu osameta. Mkazi wake anatopa nazo.

"Abambo, adokotala aletsa kumwamba. Kodi pansi aletsanso?"

M'mawa mwake Bulashi analawirira kwa mlamu wake, katswiri woika matailosi. Mlamuyo anaseka chikhakhali.

"Alamu, imvi zonsezi mukufuna kuyambiranso kukwawa?"

"Ndikwawa. Ndipatseni simenti."

Musaganize kuti zinangoyenda, ayi ndithu. M'bafa loyamba limene anaikamo matailosi yekha, madzi ankalambalala chibowo n'kukadikha pakhomo. Mwini nyumba anamunyoza mpaka anthu oyandikana nawo kutuluka. Bulashi anagumula bafa lonse. Mawondo anali atatupa, zala zitang'ambika, koma anayala tailosi ndi tailosi kachiwiri.

Kuyambira pamenepo anadziikira lamulo. Akamaliza ntchito amaitana mwini nyumba, n'kumupatsa ndowa yodzaza madzi.

"Khuthulani nokha. Likatsala dontho, ndigumula."

Ndowa imeneyo ndi imene inamutchukitsa. Lero amachita kukana ntchito zina, ndipo mlamu woseka uja ndi amene amamusungira mndandanda wa omudikira. Mwana wake woyamba ali ku koleji. Mtsempha udakali umodzi womwewo, ndipo babu likapsa kunyumba amene amakwera pampando ndi mkazi wake.

Inu amene mwauzidwa kuti ichi simungathenso, lirani, n'zowawadi. Mukapukuta misozi mufunse bwinobwino chimene chaletsedwacho, chifukwa zotsalazo n'zanu. Musataye mtima. Gwadani, muyambepo.