Kugunda kwa Pamchombo

Ndinataya mkazi. Ndinataya wondimasulira Chinkhonde kumsika, wondimeta tsitsi, wonditsutsa. Ndinatayanso ufulu wonyamula mwana wanga osaganiza kanthu.

Boma linanditumiza ku Wovwe, kumpoto, kukaphunzitsa nditangomaliza koleji. Kwathu ndi kuchigawo chapakati, koma kumeneko tonse amatitcha a kumwera. Ndinakwatira mwana wa mlimi wa pasikimu ya mpunga, mkazi wamtali, wa zala zazitali. Mwana wathu wamkazi atasiya kuyamwa, mkazi wanga anayamba kumva kugunda pamwamba pa mchombo. Anandigwiritsa dzanja. Pankagundadi.

"Kwathu timakhala ndi mitima iwiri, aphunzitsi," anatero. "Inu a kumwera umodzi womwewo umakukanikani."

Kubanja kwawo chinali chinthu chonyadira. Ankati ndi chizindikiro cha anthu olimba pantchito. Apongozi anga aamuna anali nacho. Anagwa m'munda akuokera mpunga, akudandaula msana, ndipo dzuwa lisanapendeke anali atapita. Mng'ono wawo anafa chimodzimodzi. Pamaliro onse awiri anthu ankanong'onezana za mkangano wa ngalande ya madzi, namatchula yemwe ankamuganizira kuti anawalodza.

Tsiku lake linali Loweruka. Amayi a m'mudzi ankakonzekera magule a chipani pabwalo la sukulu, ndipo kujomba kunalibe. Mkazi wanga anavala nsalu yake napita. Akuti anachoka pamzere atagwira m'chiuno, nakhala pansi pa mtengo wa mango. Lole ya mpunga itapezeka, anali atasiya kale kuyankhula. Kuchipatala cha kuboma tinafikitsa thupi.

Dokotala atamva za kugundako anandiitanira padera. Anati mtsempha waukulu wotsika kuchokera kumtima unafooka khoma, nufufuma ngati chubu cha njinga, kenako unaphulika. Anati kawirikawiri zimagwira amuna achikulire. Zikabwera msanga chonchi, m'banja lomwe ena anapita nazo, kufookako kumakhala kobadwa nako. Anafunsa ngati tili ndi ana. Ndinati mmodzi.

"Si onse amatengera, bambo," anatero. "Koma sindingakuuzeni kuti uyu ali mbali iti. Akakula mudzamubweretse."

Ndinawafotokozera alamu anga. Anamvetsera mwaulemu, napitiriza kukamba za ngalande.

Mwanayo tsopano ali Sitandade Wani. Pamzere amaima kumbuyo chifukwa cha msinkhu. Ndikamamusambitsa dzanja langa limachedwa pamimba pake, iye nkumaseka kuti ndikumugirigisha. Sindinamvepo kanthu. Dokotala anati pamsinkhu uwu sindingamve.

M'mawa wa Loweruka lija ndinali pakhonde ndikuchonga makope. Mkazi wanga anamusambitsa mwanayo, namudzoza mafuta, nayerekeza kadzanja kake ndi lake. Anamuika pamiyendo panga, pamwamba pa makope, namanga nsalu m'chiuno. Ali pachipata anacheuka.

"Muoneni bwino, aphunzitsi. Uyu watengera ine zonse. Inu munangoperekapo makutu."