Mabaji a Bambo Banda

Ntchito yanga yoyamba ndinaipezera kutchalitchi ku Rimuka. Nditangomaliza maphunziro a makompyuta, azakhali anga anandikokera kwa a Banda tikutuluka m'mapemphero. Bambowa anagwira ntchito zaka zambiri kufakitale ya nsalu, ndipo itatsekedwa anagula makina akale opeta n'kutsegula kashopu ku Chegutu. Ankapeta mabaji a yunifolomu za sukulu, amayi atatu n'kumawasokerera.

"Kompyuta yanga yakalamba, mwana wanga," anatero. "Ndagula yatsopano. Ubwere udzasamutse zonse."

Ndinkaganiza kuti ndi ntchito ya tsiku limodzi. Kompyuta yakaleyo inali ya Windows XP, ndipo pulogalamu yojambulira mabaji sinkatseguka popanda kakiyi kapulasitiki kobaya kumbuyo, pamalo otambalala pamene kale tinkabaya printa. Yatsopanoyo inali ya Windows 10, yopanda pobaya potero. Pulogalamuyo ndinailowetsa kuchokera pa CD yokandikakandika. Ndinauza kompyuta kuti iiyendetse ngati ili pa XP, inangotseguka n'kufunsa kiyi. Ndinakwera kombi mpaka ku Harare kukagula chingwe cholumikizira kiyiyo ku USB, koma pulogalamu sinaione. Ndinaika XP mkati mwa Windows 10, osathandizabe. Kampani yomwe inapanga pulogalamuyo inali itatha kalekale.

Milungu iwiri inatha ndikulimbana ndi kompyuta yatsopano. Yakale inkagwirabe ntchito pakona pake, ndipo sindinaganizepo zotsegula mabaji onse n'kuwasunga mwa mtundu umene makina opeta amawerenga okha.

Lolemba lina magetsi anathima, ndipo atabwerera kompyuta yakale inangotulutsa kafungo ka waya wopsa. Ndinasintha bokosi la magetsi, ziii. Ndinachotsa disiki n'kuilumikiza ku yatsopano. Mafayilo onse anaoneka, sukulu iliyonse ndi dzina lake, ntchito ya zaka khumi ndi zisanu. Palibe ngakhale imodzi imene inatseguka.

Masana kunabwera aphunzitsi aakulu a sukulu ina ya ku Muzvezve kudzafunsa za mabaji awo, chifukwa sukulu zinkatsegulidwa sabata yotsatira. A Banda anatembenukira kwa ine.

"Baji yawo ilimo?"

"Ilimo, bambo."

"Ndiye ipete."

"Siikutseguka."

A Banda anavula chipewa n'kupepesa mlendoyo m'Chishona. Ine sanandikalipire. Anangoti, "Unandifunsa zambiri, koma za kasungidwe ka mabajiwa sunandifunse."

Ndinapeza kompyuta ina yakale kumsika, koma kiyi ija inali itapsera limodzi ndi kompyuta ya a Banda. Ndinayesa kujambulanso mabaji pa pulogalamu ina, poonera akale amene anali m'kabati. Sindinkadziwa kayendedwe ka ulusi. Nsalu inkakwinyika, zilembo n'kupindika, singano n'kumathyoka. A Banda ankadziwa ulusi, koma maso awo anali atafooka ndipo pulogalamu yatsopano inkawasokoneza. Sukulu zinachoka imodziimodzi. Mayi Mwale, wamkulu mwa osoka aja, anatenga sizasi yawo tsiku lina osabweranso. Chaka chisanathe shopu inatsekedwa.

Mpaka lero ndimakonza makompyuta ku Kadoma. Munthu akandibweretsera yatsopano, sindiikhudza kaye. Ndimayamba ndakhala pa yakaleyo, idakali moyo, n'kutulutsa chilichonse chimene chingatuluke. Ndinaphunzira zimenezi pa ntchito za anthu anayi, a Banda ndi amayi atatu aja, ndipo palibe mmodzi mwa iwo amene zinamuthandiza.