Agogo Ake a Monde ndi Phunziro la Kusukulu

Mayi amene ndayandikana nawo nyumba kuno ku Barking, kutsidya kwa nyanja, ndi a ku Chipata, ndipo sukulu za kuno sazikhulupirira. M'mawa uliwonse amaperekeza mdzukulu wawo Monde, atamanga chitenje pamwamba pa chijasi, n'kubwerera akudandaula. "Ana a kuno amadziwa zambiri, koma ulemu alibe," amatero.

Atamva kuti lamulo likuti ana aziphunzitsidwa kudziteteza kwa anthu ogwiririra, anakwiya sabata yonse. "Zolaula zimenezo, kuuza kamwana kosadziwa n'kusamba komwe?"

Tsiku lina tinakwera basi imodzi pochokera kusukuluko. Monde anayamba kufotokoza m'Chingerezi zimene anaphunzira. Anati thupi lake ndi lake, ndipo wamkulu akamugwira malo obisika, ngakhale akhale wachibale, azinena mpaka wina amumve.

Ndinkadikira kuti agogowo amukalipire, koma iwo anangoyang'ana pawindo. Titatsika, mwana atathamangira kutsogolo, anandigwira mkono.

"Mwanangu, ine ndinanena," anatero. "Anali amalume anga, ine ndili ngati Mondeyu. Amayi anandimenya pakamwa, amvekere ndisachititse banja manyazi."

"Simunauzeko wina?" ndinafunsa.

"Ndani? Amalumewo anali mkulu wa mpingo. Anamwalira atakalamba bwinobwino, ndipo pamaliro awo wotsogolera nyimbo ndinali ine."

Ndinangoti masiku ano zinthu zasintha.

"Zasinthira Monde," anayankha, akufunafuna makiyi m'chikwama. "Ine ndakalamba nazo, ndipo ndidzapita nazo."