Chaka Chimene Anandisudzula

Chaka chimene mkazi wanga anamwalira ndi chomwecho chimene mwana wathu wamkazi, mzime, anapita ku atachimenti pa ofesi ina ya maloya ku Zomba. Ankaphunzira za uparaligo, ntchito yothandiza anthu pa nkhani za malamulo koma usali loya. Kusukulu kwawo ankafuna kuti wophunzira aliyense akakhale miyezi ingapo pa ofesi yeniyeni, akaone ntchito ndi maso. Malipiro panalibe.

Ankanyamuka kukungocha, pansi, kuchokera kwathu kumunsi kwa Domasi Mission mpaka kumsewu, atavala masilipasi, nsapato zakuda zili m'jumbo. Ankazivalira m'minibasi ikadutsa pa Songani. Madzulo ndinkamufunsa kuti kukhoti kwayenda bwanji.

"Ababa, khotilo ndangoliona pakhomo. Ndakasiya mapepala, basi ndabwerera."

Ntchito yake inali kufotokopa, kusanja mafailo, ndi kukhala pabenchi ndi anthu obwera ndi madandaulo n'kumalemba zimene akunena. Nkhani zawo sankandiuza. A loya, mayi wamfupi wamagalasi, anamuletsa tsiku loyamba lomwelo. Ndinkangoona kuti masiku ena chakudya sichikulowa. Kamodzi kokha anati, "Ambiri amene amabwera kuja ndi amasiye olandidwa nyumba," n'kundiyang'ana nthawi yaitali.

Ine ndine mkamwini. Ndinabwera m'mudzi muno kudzakwatira ndili mnyamata, ndipo njerwa za nyumbayi ndinaumba ndekha, pa dothi la kwa mkazi wanga. Mwambo wa kuno ngwakuti mkazi akamwalira, nthawi yolira ikatha, abale ake amamusudzula mwamuna, kumumasula kuti abwerere kwawo. Ana amatsala. Mwambowu sindinkaunyoza. Ndinauona ukuchitika kwa anzanga, ena ndinawaperekeza ndithu. Koma kwathu kuseri kwa phiri makolo anatha, minda anagawana kalekale. Kuno ndi kumene kuli manda a mkazi wanga, ndi tchalitchi chimene ndakhala ndikupempheramo moyo wanga wonse wa ukulu.

Titamweta mpunga, alamu anga, mlongo wake wamkulu wa malemu, anatumiza mawu kuti Loweruka tikhale pansi. Mwana wanga atamva, nkhope inasintha. Anakafunsa a loya aja. Iwo anamuuza kuti lamulo loteteza amasiye lilipo ndithu, koma ayambe wamva kaye chimene amalume ake akufuna. Choyambacho anachisunga bwino. Chachiwiricho ndikuganiza kuti chinagwera m'njira.

"Inu musadzayankhule, ababa. Ndidzayankhula ine."

"Mwanangu, kumeneko si kukhoti."

"Ndaona mmene zimathera anthu akangokhala chete."

Sindinamukanize. Anali atataya amayi ake, ndipo ichi ndi chokhacho chimene ankaona kuti angachigwire ndi manja.

Loweruka lija tinakhala pansi pa mtengo wa mango pakhomo panga. Amuna pamipando, amayi pamphasa, ine pambali pa nkhoswe yanga. Mwana wanga anatuluka m'nyumba atavala jekete ndi nsapato za kuofesi zija, n'kuima. Ankhoswe asanamalize n'komwe malonje, iye anayamba.

"Mbali yathu ikupempha kuti mbali yanu ifotokoze chifukwa chimene ikufuna kuchotsa ababa panyumba imene anamanga okha."

Mng'ono wake wa malemu, mayi wosachedwa kuseka, ndiye anayamba kumuyankha.

"A loya athu, takhalani pansi. Nsapatozo zikukulumani, tikuona tonse."

Anthu anaseka, koma alamu anga sanaseke. Anavula chipewa n'kuchiika pabondo.

"Iwe, wati mbali yanu? Tandiuza, waima mbali iti? Nyumba iyi ili pa dothi la amayi ako. Amayi ako kulibe. Achimwene ako anakakwatira kwina. Mwini wake pano ndani?"

Miyezi yonse ija pabenchi mwana wanga anazolowera kuti pamakhala wodandaula ndi wodandaulidwa, mwakuti anaiwala chimene mwana aliyense wa m'mudzi muno amadziwa: iye ndi wa kwa amayi ake. Anthu amene anabwera kudzalimbana nawo anali ake, ndipo nyumba imene ankaiteteza inali yake.

"Bambo akowa tiwasudzula," anapitiriza alamu, "chifukwa munthu sitimumangirira kumaliro mpaka kalekale. Koma zokhala kapena zopita, anene ndi amene aziwasunga. Ife timamva kuti ukamaliza ukupita ku Blantyre ndi maloya akowo. Ndiye atsala ndi yani? Akadwala madzi atunga ndani? Ineyo ndi mawondo angawa?"

Za ku Blantyre zinali zoona. Ankazinena kuyambira ali ku sekondale, ndipo a loya anali atamulonjeza kumuyankhulira kwa anzawo kumeneko. Ndinafuna kunena kuti msiyeni mwanayo apite, ine ndiona chochita. Nkhoswe yanga inandigwira bondo. Pabwalo ngati limenelo mkamwini sayankhula asanapatsidwe mpata.

Kenako mwana wanga anapita pamphasa, nakhala pakati pa amayi, miyendo atapinda.

"Amalume, ndalakwitsa poyamba paja. Ababa ndiwasunga ine. Ntchito ndifuna ku Zomba konkuno."

"Wanena pamaso pa anthu."

"Ndanena."

Zotsalazo sizinachedwe. Anandisudzula, tinapemphera, ndipo dimba la mpunga la kumtsinje linapita kwa mng'ono wake wa malemu uja. Limenelo linandiwawa, poti ndinalilima zaka zambiri, koma silinali langa.

Lolemba mwana wanga anabwerera ku ofesi. Madzulo anandiuza kuti a loya atamva nkhaniyo anavula magalasi n'kuseka, kenako anamutuma kukafotokopa. Atachimenti anamaliza bwino. Ntchito inachedwa, koma inapezeka pa kabungwe kena kamene kamayendera anthu m'midzi ya kuno pa nkhani za malo ndi chuma cha amasiye. Malipiro ake sangafanane ndi a ku Blantyre. Ndamuuza kangapo kuti akafuna kupita apite, amalume ake ndiyankhula nawo ndekha. Amangoti, "Ababa, nkhaniyo inatha." Ngati inathadi mumtima mwake, sindidziwa. Ndimaitula kwa Mulungu.

Tsopano ndimagona m'nyumba ya mwana wanga. Dzinja lapitali malata a kuchipinda anayamba kudontha, ndipo ndisanaitane mmisiri ndinayamba ndamupempha mwini nyumba. Anaseka mpaka misozi, koma ine ndinadikira mpaka atayankha.