Mbali Inayo ya Lupanga la Adadi

Anzanga akamva fungo la viniga amaganiza za tchipisi. Ine ayi. Ndikangodutsa pashopu ya nsomba ndi tchipisi, mphuno imandibwezera m'kashedi kathu ka ku Bolton, kuseri kwa nyumba, pa holide yaitali ya chaka chomwe ndinakwanitsa zaka khumi. M'kashedimo munkanunkha viniga, mafuta a makina osokera ndi matabwa onyowa, pakuti ngakhale ankati ndi nyengo yotentha, mvula ya ku Bolton sinkamva zimenezo. Pakathebulo kogwedera, pamwamba pa thawulo lakale la Amayi, pankagona lupanga la Adadi.

Matenda a malupangawa Adadi anawatengera kuchipatala komwe ankagwira ntchito yokankha mabedi a odwala. Mnzawo wa pashifiti, a Dodong, anali wa ku Philippines, kuzilumba zapakati zomwe amati Visayas, ndipo ankatolera malupanga akale a kwawoko. Tsiku lina anawaonetsa limodzi pafoni, basi Adadi mutu unazungulira. Patapita miyezi anatulukira pakhomo ndi chinthu chokulungidwa m'bulangete, atagula kwa mzungu wina amene ankachotsa katundu wa malemu agogo ake. Chitsulo chake chinali chakuda bii ndi dzimbiri. Kumapeto kwa chogwirira kunali kankhope kosema panyanga, maso otuzuka, mano pamtunda, mphuno yaitali yopindika. Adadi ankati dzina lake ndi tenegre, ndipo ankalitchula motsitsa mawu ngati akutchula apongozi.

Amayi anangokaona kamodzi kankhopeko, n'kunena kuti m'nyumba mopempherera anthu simulowa zimenezo. Mkangano unatenga sabata yathunthu. Pomaliza anagwirizana chonchi: a Dodong, omwe anali atapita kwawo kukaona abale, akabwerako kumapeto kwa Ogasiti adzaliyeze. Akadzati ndi lakaledi, la zaka zoposa zana, lidzakolekedwa pabalaza. Akadzati n'zachabechabe, Adadi adzalinyamule okha kukaliponya mubini ya mipeni ya kupolisi. Amayi chikhulupiriro chawo chonse chinali mwa bini ija.

Ndiye Adadi akaweruka masana ankangosintha shati n'kulowa m'kashedi. Sankapala ayi. Ankanyowetsa kathonje ndi mafuta, kupaka pamalo aang'ono ngati chikhadabo, kudikira, kupukuta, kenako n'kusuzumira ndi galasi lokuzira zinthu. Nthawi zina ankadontheza viniga kuti mizere ya m'chitsulo ionekere. Ine ndinkaima pakhomo, manja kumbuyo, poti kugwira kunali koletsedwa. Ankandifotokozera kuti zaka za lupanga zimadziwika ndi ming'alu ya panyanga, mtundu wa mphete ya pachogwirira, dzimbiri lenilenilo, ndi manoledwe ake. Koma ankafotokoza m'Chichewa chakuya, cha ku Ntcheu, ndipo ine, mwana wobadwira ku Bolton, ndinkangogwedeza mutu n'kumaponyapo "eya" apo ndi apo. Zambiri zinkandidutsa.

Chimene ndinaona ndi maso anga n'chakuti lupangalo linali lonoledwa mbali imodzi yokha. Mbali inayo inali yosalala ngati thebulo. Ndinawerenga masiku otsala pakalendala ya kukhitchini, n'kuyang'ana liwiro la Adadi la chikhadabo chimodzi patsiku, ndipo ndinawamvera chisoni kwambiri. Ndinati bambo angawa sadzamaliza, bini idzawina.

Masiku omwewo kunabwera Amalume, achimwene awo aakulu a Amayi, kudzacheza mwezi umodzi. Anali munthu wosadziwa kukhala pansi. Sabata yoyamba anakonza geti, anamangitsa miyendo ya mipando yonse, n'kudulira maluwa a aneba osawapempha. Sabata yachiwiri zokonza zinatha, ndipo ankangozungulira m'nyumba n'kumagogoda makoma. Tsiku lina Adadi ali kuntchito, Amayi atapita kutauni, ndinawakoka dzanja mpaka kushedi. Ndinasonkhanitsa Chichewa changa chonse n'kuti, "Amalume, mpeni wa Adadi sunathe."

Analitembenuza kawiri, n'kupukusa mutu. "Aa! Amene ankanola chikwanjechi anamva uthenga wa maliro ali pakati pa ntchito. Katunge madzi, mphwanga."

Nyumba zogundana za ku Bolton zili ndi sitepe yamwala pakhomo lakuseri. Amalume anaisisita ndi chala n'kuiyamikira kuti mwala wotere kumudzi akanaulimbirana. Anakwinya thalauza, kunjuta, n'kuyamba kunola mbali yosalala ija. Kwee! Kwee! Ine ndinkathira madzi ndi jagi ya tiyi, madziwo n'kumatsetsereka ali ofiira mpaka pamsewu wa mabini. Atamaliza kunola anaitanitsa waya wotsukira mapoto, chifukwa munthu sungasiye ntchito ili ndi litsiro. Pofika folo koloko lupanga lija linkawala ngati supuni yatsopano. Analiyesa pakabichi wa Amayi, kabichi n'kugawika pakati osadandaula. Ine mtima unali mbee, sindinanyadepo chonchija chibadwire.

Adadi atalowa pageti, Amalume anawapatsa lupangalo ndi manja awiri. Adadi chikwama chinawapulumuka paphewa. Anayang'ana mbali iyi, anayang'ana inayo, anayang'ana sitepe yomwe tsopano inali ndi kamsewu pakati. Koma mlamu wamkulu, mlendo wochoka kutali, amene wakupatsa chinthu ndi manja awiri, ungamukalipire bwanji? Anawerama pang'ono n'kuti, "Zikomo kwambiri, alamu. Mwagwira ntchito." Kenako analowa m'kashedi n'kudzitsekera. Atatuluka maso anali ofiira, anati ndi viniga, ine n'kukhulupirira. Amayi anali ataima pakhomo la kukhitchini ndi majumbo m'manja, akuona zonse.

A Dodong anabwera Loweruka lomaliza la Ogasiti. Tonse tinali pabalaza, Amalume atakhala kutsogolo ngati wodikira mphoto. A Dodong anavundukula bulangete, kutembenuza lupanga, n'kutulutsa kamawu kangati ka munthu woponda msomali. Kenako anafotokoza pang'onopang'ono m'Chingerezi, chomwe ine ndinkamva bwino lomwe, kuti kwawoko osula amanolera dala mbali imodzi, inayo n'kuisiya yosalala. Kusalalako ndiye kunali chizindikiro chake, ndipo dzimbiri lija ndiye linasunga zaka zake. Titawamasulira, Amalume anangoti, "Ndiye kuti mitengo ya kwawoko ndi yofewa."

Amayi anafunsa funso lawo limodzi lija, lakale kapena ayi. A Dodong anati kankhopeko kakuoneka kakale ndithu, koma zomwe zikanatsimikiza zinatsalira pasitepe, ndipo palibe wotolera malupanga amene angaliyang'ane kawiri. Ndinayamba kulira mokweza, mamina ndi misozi, ndikuulula m'Chingerezi kuti ndine ndinatsegula shedi, ndine ndinathira madzi. Adadi anandigwira pamutu n'kuti, "Ndikudziwa, Tadala. Unkandithandiza." Anatola bulangete n'kuyamba kukulunga, poti pangano ndi pangano.

"Bulangetelo n'langa, musapite nalo kupolisi," anatero Amayi. Anatuluka, n'kubwera ndi hamala ndi misomali iwiri. Anakwera pampando umene Amalume anaulimbitsa, n'kukhoma okha pamwamba pa TV, pafupi ndi chithunzi cha ukwati. Lupangalo analikoleka mbali yonoledwa ku Visayas ija ikuyang'ana anthu, kenako anachotsa kansalu koluka pamsana pa sofa n'kufunditsa kankhope kaja, kuti azimayi a mapemphero a Lachinayi asamadodome pakati pa nyimbo. Amalume anafunsa chifukwa chimene mbali yawo yayang'anitsidwa kukhoma. Amayi anati ikuwala kwambiri, ingathobwe alendo m'maso. Amalume anakhutira.

Nthawi imeneyo ndinkaganiza kuti Amayi anachita manyazi chifukwa wowononga anali mbale wawo. Pano ndikudziwa kuti anamva zikomo uja ali pakhomo la kukhitchini, ndipo anadziwa kulemera kwake. Ndikudziwanso kuti viniga wa kathonje kamodzi safiiritsa maso a munthu wamkulu. Bambo amene tsiku lonse ankathamangitsidwa uku ndi uku ndi mabedi a anthu ena anali ndi kachinthu kamodzi komwe ankachita paliwiro lawo, ndipo ine ndinakamalizitsa m'maola awiri.

Lupangalo likadali pakhoma pomwepo. Chaka chatha, tikupenta pabalaza, ndinalitsitsa, ndipo ndinapeza kakhadi komangidwa ndi ulusi pansi pa kansalu kaja, monga amachitira otolera malupanga. Adadi analemba ndi dzanja lawo lopendekeka lija: "Mbali yoyamba: Visayas, chaka sichidziwika. Mbali yachiwiri: Bolton, Tadala ali ndi zaka khumi." Pa zaka zonse za lupangalo zomwe anafunafuna ndi galasi lawo chilimwe chija, chimene anatsimikiza n'chomwecho.