Mzere wa Womaliza

Miyendo yangayi sidziwa kukhala, ndipo kumene yandifikitsa ndimatola nkhani za eni. Iyi ndinaitola mu minibasi ya ku Sinda. Inu amene mtima wafooka, tcherani khutu.

Kettie anali mwana wamasiye pa sukulu ina ku Vubwi. Ngolo inamuponda mwendo ali wamng'ono, ndiye ankayenda motsimphina. Tsiku lina anzake anamuzinga kuseri kwa kalasi.

"Lachisanu udwale," anatero Diana, waliwiro kuposa onse. "Ukabwera, usadzatilankhulenso."

Chinavuta n'chiyani? Aphunzitsi a masewera olimbitsa thupi, a Chrispin, ankayeza mgwirizano wa kalasi mwanjira yawo. Ana onse azithamanga kuzungulira munda wa sukulu, wotchi n'kuimitsidwa womaliza akafika.

"Woyamba amandiuza za miyendo yake," ankatero. "Womaliza amandiuza za gulu."

Kalasi ikachedwa Lachisanulo, ku mpikisano wa ku Katete sipita.

Kunyumba nako amalume ake anali atanena kale: "Sukulu ikakukana, thonje silikana munthu." Kettie anadziwa kuti akajomba tsikulo, sadzapondanso m'kalasi.

Anayamba kuthamanga popita kumjigo. Kugwa, kudzuka, kugwanso.

Lachisanu anabwera. Palibe anamupatsa moni.

Wezulo italira, onse anamusiya. Anzakewo anafika, nakhala pansi pa mtengo wa mango, iye akadali kuseri kwa chimanga. A Chrispin maso pa wotchi. Potulukira, Kettie anagwa, bondo n'kuchucha magazi. Wina anatsonya.

Kettie anadzuka, nakuwa: "Kodi inu, pa dima mukatha mzere wanu mumakhala pansi?"

Onse anali ana a alimi. Ankadziwa kuti anthu akamalima mothandizana, wotsiriza mzere wake amatembenuka n'kulimira wotsalira mpaka makasu akumane. Kukhala pamthunzi n'zamanyazi.

Kenako Diana anaimirira, anabwerera, ena n'kumutsata. Anyamata anafuna kumunyamula.

"Musandinyamule. Ingothamangani nane."

Wina anayambitsa nyimbo yolimira, mapazi onse n'kugwera pamodzi. Anafika ngati munthu mmodzi.

Koma wotchi ilibe chisoni. Anachedwa, ndipo ku Katete sanapite chaka chimenecho.

Lolemba amalume anamuponyera thumba lotolera thonje. Kettie akulitola, anamva mawu kumsewu. Anali Diana ndi anzake, mabuku m'manja.

"Fulumira iwe, ukufuna utichedwetsenso?"

Thumbalo linatsala pakhonde.

Amene anandisimbira izi ndi Kettie yemweyo, lero mphunzitsi wa masewera ku Sinda. Akuti nayenso wotchi amaimitsira womaliza. Potsika minibasi ankatsimphinabe, koma ine wamiyendo iwirine sindinamupeze.

Ngati mwatsalira, musabisale kunyumba. Fikani pamzere, ndipo mukagwa itanani. Ngati mwatsiriza, tembenukani. Osataya mtima, khasu lina likubwera kudzakumana nanu.