Sewero la Folo Koloko

Chaka chimene chiwawu chinapsereza kachewere wanga yense ku Tsangano, ndinauza akazi anga, a Nangozo, kuti ndikupita ku Joni. Anthu anaseka, ati nkhalamba ya imvi ikatani kumeneko. Ine Gama sindipempha chilolezo kwa munthu. Ndinakwera basi.

Ndinapeza ntchito ya m'gadeni kwa mzungu wina. Ndalama ndinkatumiza mwezi ndi mwezi, koma pa foni nkhani zinatiuma. "Mwadzuka bwanji?" "Zafika?" Basi. Mameseji sinditha, sukulu ndinalekeza Sitandade 2. Munthu wa pakamwa ngati ine kusowa wocheza naye! Ndinkachita kulalatira maluwa.

Ndiye tinapangana. Pa kanema pankabwera sewero lina folo koloko, la mkazi wolimbana ndi apongozi ake. Ine ndizionera kwanga ndikaweruka, iwo azikaonera pa golosale ya a Adamu pamsika, kenako ndiziimba tizikambirana. Tinayamba kuseka pa foni ngati tili pa chibwenzi.

Koma china chake chinkandikayikitsa. Ndikati, "Mwaona mmene apongozi aja agwera m'matope?" iwo ankangoti, "Eee, tafotokozani bwino a Gama." Tsiku lina ndinawayesa, ndinanama kuti mkazi uja wamwalira. Anati, "Ndaona, zachisoni."

Ndinadzilimbitsa kuti mwina ku Malawi sewerolo limabwera nthawi ina. Che Jafali, mnzanga wa ku Mangochi wogulitsa m'shopu, anandiikira pa foni masamba atatu a pa intaneti osonyeza ndandanda ya mapulogalamu. Manambala ndimawerenga ine, musandipeputse. Loyamba linali ndi zithunzi zokongola koma linali la ku Joni kokha. Lachiwiri linkati faifi koloko. Ndinavina, mpaka Che Jafali anati, "Achimwene, khalani pansi, iyi ndi nthawi ya ku Kenya." Lachitatu, la zilembo zing'onozing'ono ngati nyerere, linkalola kusankha dziko. Tinasankha Malawi. Folo koloko, gawo lomwelo, tsiku lomwelo. Mpaka lero ndimati lachitatulo ndiye lenileni, koma tsiku limenelo ndinalitukwana.

Nanga folo koloko akazi anga amakhala kuti, ndi ndani? Ndinatsanzika kwa mzungu n'kunyamuka, kumudzi osauzako munthu.

Ndinatsika pa Tsangano masana, molunjika ku golosale. A Adamu anati, "Kanema? Mphenzi inawotcha chaka chatha." Kunyumba kunali kotseka. Mayi wina woyandikana nafe anandilozera kudambo.

A Nangozo ndinawapeza okha, opanda nsapato, keni yothirira m'manja, pakati pa kachewere wobiriwira amene sindinkadziwa n'komwe kuti anadzala.

"Inu a Nangozo! Chaka chonse mukundinamiza?"

Anaika keni pansi, osadzidzimuka. "Mwabwera? Ndikanakuuzani kuti kanema anapsa, mukanasiya kucheza nane. Folo koloko ndimathirira. Mukaimba ndimaika foni pa chitsa apo, ndipo ndi mawu anu okwerawo, amayi a m'dimba la kutsidya nawonso amamvera nawo. Ati mumafotokoza kuposa kanema."

Ndinakhala pa mzere, suti yanga ya ku Joni ndi matope okhaokha.

"Koma ndiuzeni," anatero, "mkazi uja anamwaliradi? Amayi akuno analira."

"Ali moyo. Ndinanama."

"Ndiye abodza tilipo awiri. Vulani jeketeyo, mizere isanu yatsala."